Kupereka quilt ya zitenje kwa a longarm: mtengo wake

Nabanda, Indiana: Amayi anzanga, nsalu yapamwamba ya quilt (chofunda cholumikiza zidutswa za nsalu) ya zitenje yalumikizidwa kale, mainchesi 90 kwa 100. A longarm, eni makina akuluakulu osokera pamodzi nsalu yapamwamba, thonje lapakati ndi nsalu yakumbuyo, amatchaja bwanji kuno ku America?

Naphiri, Texas: Amawerengera pa square inch, asisi. 90 kuchulukitsa ndi 100 ndi 9,000. Akamasoka kapangidwe kamodzi kuyambira mbali ina mpaka ina, kamene amati edge-to-edge, ambiri amatchaja masenti 2 mpaka 3, ndiye kuti pakati pa $180 ndi $270. Custom, yotsata buloko iliyonse payokha, imawirikiza kawiri kapena kuposa. Pa chitenje musatayirepo ndalama. Maluwa ndi ambiri kale, ulusiwo suoneka n'komwe.

Nabanda: Ndi zonse zimenezo?

Naphiri: Ayi. Batting, thonje lapakati lija, ndi yapadera. Binding, kansalu kopindira m'mphepete pomaliza, amawerengera pa inchi ya m'mphepete, yanuyo ndi mainchesi 380. Ena amatchajanso ulusi. Funsani musanasiye katundu.

Nangondo, Maryland: Pomwe ndalama zimathera mosadziwa ndi pa nsalu yakumbuyo. Ipitirire yapamwamba ndi mainchesi 4 mbali zonse, yanuyo ikhale 98 kwa 108, chifukwa imakulungidwa pa ma roller ndipo m'mbali amaipana ndi ma clamp. Ikachepa akubwezerani kapena akulipiritsani kuwonjezera. Gulani yotakata mainchesi 108, simulumikiza. Mukalumikiza zitenje, dulani mphepete yolimba ija, msoko ukhale theka la inchi, muusite motsegula. Shiti ya pabedi ambiri amaikana, ndi yothinana, makina amadumpha misoko.

Musabaye mapini, musamate. Zitatu zonsezo, yapamwamba, batting ndi yakumbuyo, zipite padera.

Naphiri: Ndi border, nsalu yozungulira m'mbali mwa yapamwamba ija! Muyese kudutsa pakati pa quilt, osati m'mphepete, ndiye mudule molingana. Mukangosoka n'kudula chotsala imachita mafunde, pa makina imapindika, makwinya amasokedwera momwemo.

Nangondo: Zitenje zikanafunika kuchapidwa musanadule, zina zimasuluka makamaka zofiira. Ngati munaiwala, pochapa koyamba madzi akhale ozizira, muponyemo ma color catcher, timapepala toyamwa utoto wosuluka. Ndipo dulani tiulusi takumbuyo, takuda timaonekera pansi pa nsalu yoyera.

Nabanda: Nanga kungosoka pa makina a kunyumba?

Nangondo: Ya mwana inde. Ya mainchesi 90 kuipanikiza pakhosi pa kamakina kakang'ono, mapewa adzakuuzani. Mashopu ena amabwereketsa longarm pa ola, koma amayamba akuphunzitsani kaye, kalasiyo mulipira.