Mfuti ya mpweya ija ndagula, zikomo nonse

Akuluakulu, ndabwera kudzathokoza nonse amene munandiyankha. Paja ndinkafuna mfuti ya mpweya yothana ndi makoswe amene ankanditherera anapiye m'khola kuno ku Luchenza, ndipo ndinkasowa chosankha pakati pa Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey ndi Weihrauch ya ku Germany.

Ambiri munati Weihrauch ndiyo yolasa bwino kwambiri. Sindikutsutsa, koma mtengo wake thumba langa linakana. Ndinatsatira mawu a bambo ena a ku Bvumbwe amene anandiyankha nawo: ndinayamba ndafunsa kupolisi za chilolezo, kenako ndinagula Hatsan ya zipolopolo za 5.5mm osati za 4.5mm, poti chipolopolo cholemererapo chimagwetsa khoswe pompo. Ndi yolemera ndithu, pokoka sipuling'i umachita kukukuta mano, koma pa mamita 15 kabotolo sikaphonyeka. Makoswe achepa, anapiye akugona mwamtendere.

Kwa amene mukufuna kugula, dzina la mfuti si zonse. Mfuti ya sipuling'i safinya pogwira. Mumangoikhazika pachikhatho n'kuileka igwedezeke yokha. Zipolopolo nazo yesani mitundu ingapo; yanga imagwirizana ndi za kampani ya JSB. Galasi loyang'anira gulani lopangidwira mfuti za mpweya, chifukwa sipuling'i imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, magalasi wamba sachedwa kusokonekera. Musamaombe mulibe chipolopolo, imawonongeka mkati.

Chinanso ndi chinyontho chathuchi. Chiperoni chikabwera dzimbiri silichedwa, ndiye ipukuteni ndi kansalu ka mafuta musanaikhomere m'kabati komwe ana safika.