Ndikukatenga galimoto kuchigawo china Lachisanu, ndithandizeni maganizo

Membala wosadziulula: Akuluakulu, pepani ndilemba zambiri. Ndapeza galimoto yoyendapo kale kuchigawo china, mtunda wake ngati makilomita 700. Ndikufuna ndipite pa basi Lachisanu, pobwera ndidzayendetse ndekha. Akazi anga akuti ndikupupuluma, chonsecho ndi iwo omwe amadandaula tsiku ndi tsiku zopanikizana m'mabasi. Mlamu wanga analonjeza kundiperekeza, lero foni sakuyankha, ndalama zanga za chaka chatha sanabwezenso. Abwana nawo andipatsa tsiku limodzi lokha. Mwini galimotoyo akumveka munthu wabwino, akaimba amayamba wafunsa za ana. Nditani kuti ndifike nayo bwinobwino?

Toyota Basi: Ngati si Toyota musapite. Ndamaliza.

Mayi wa Atatu: Achimwene, galimoto yanji, ya chaka chiti, mapepala ali m'dzina la ndani? Za mlamu tamva, za galimoto simunanene.

Toyota Basi: Corolla yanga ndayenda nayo zaka 11, injini sinatsegulidwepo. Enanu mumagula magalimoto oti sipeya yake mpaka kuitanitsa kunja, kenako muzidzatilirira pano.

Makaniko Wopuma: Bambo, musalole kuipeza injini ili yotentha kale. Ailize inu mukuona, itazizira, ndi pomwe utsi ndi kugogoda zimaonekera. Tsegulani chotsekera oilo. Mukapeza zoterera zoyererako ngati mkaka, kawirikawiri ndiye kuti madzi akusakanikirana ndi oilo, gasiketi yapsa. Funsaninso kuti timing belt, lamba woyendetsa mavalavu mu injini, anasintha liti. Magalimoto ambiri amasintha ikayandikira makilomita 100,000, ndipo pa injini zina ikaduka muli paliwiro imapinditsa mavalavu.

Toyota Basi: Yanga ndi ya tcheni. Za malambazo ndi zanu.

Makaniko Wopuma: Amwene, Toyota za lamba ziliponso, ndazimasula ndi manja angawa.

Toyota Basi: Munazimasula chifukwa eni ake sankazisamala!

Dalaivala Wausiku: Mwandikumbutsa zanga. Ndinanyamuka madzulo ndi chisangalalo, wailesi ili pamwamba, osayang'ana kasingano ka kutentha. Makilomita 200 asanakwane nthunzi ili tolotolo pa boneti. Ndinagona m'galimoto momwemo pakati pa tchire, foni yopanda moto, jeke mulibe, sipeya tayala yopanda mpweya. Wogulitsa uja mpaka lero nambala yake sipezeka.

Mtsikana Wanthabwala: Dzina loti Wausiku munalipezera pamenepo eti? 😂 Afunsi, bwerekani mlamu wina pagulu pano, alipo ambiri osowa chochita.

Agogo Aakazi: Mwana wanga, mkazi akati dikira umadikira. Mwabwera kudzamuneneza pagulu la anthu masauzande, mawa galimoto ikafera panjira mudzaimbira yemweyo.

Dalaivala Wausiku: Koma usiku ndi wabwinobe, msewu umakhala wopanda anthu, injini sitenthanso.

Mayi wa Atatu: Inu amene munagona kutchire ndi amene mukulangiza zoyenda usiku? Galimoto yosaidziwa yendani nayo masana, muziima pafupipafupi n'kumaona madzi ndi oilo. Ndipo musanapereke kalikonse, nambala ya chasisi yomwe ili pagalimoto ifanane ndi ya pamapepala, chilembo ndi chilembo. Dzina lifanane ndi la pachiphaso cha wogulitsa. Fufuzani ngati ilibe ngongole kubanki, chifukwa ena amagulitsa galimoto ya chikole, eni ngongole n'kudzakulandani inu. Mulemberane kalata yogulitsana, nonse musaine.

Wa Inshuwalansi: Inshuwalansi ya mwini wakeyo musaidalire, dulani yanu musanatuluke pageti. Mufunsenso ku ofesi yoona zamagalimoto ngati pakufunika chilolezo chongoyembekezera, malamulo amasiyana malo ndi malo.

Toyota Basi: Inshuwalansi ndi kuba kwa masanasana. Zaka 11 ndikulipira, sanandipatsepo kanthu.

Wa Inshuwalansi: Chifukwa simunagundepo, bambo. Thokozani.

Makaniko Wopuma: Ndinaiwala matayala. M'mbali mwake muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Akalemba 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2018. Likhoza kuoneka lamano koma litauma, pa ulendo wautali limaphulika.

Membala wosadziulula: Zikomo nonse, mlamu uja wayankha, akuti ali ndi maliro. Galimotoyo ndi Toyota. Mapepala akuti ali ndi mkulu wake amene ali kunja, adzatumiza ndikafika nayo kuno. Theka la ndalama ndinatumiza kale Lolemba kuti asagulitse kwa wina.

Mayi wa Atatu: Mwatumiza kale?? Galimotoyo munaionapo ndi maso?

Toyota Basi: Ngati ndi Toyota pitani.