Kodi dzanja la wojambula limayamba liti kudziwika?

Wa ku Chinamwali:
Akuluakulu ojambula, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula ndi penti, n'kumagulitsa kwa alendo okwera ku Chawe, paphiri la Zomba. Koma zithunzi zanga zikungofanana ndi za anzanga onse: mayi wosenza mtsuko, mlambe dzuwa likulowa. Ndizo zimayenda malonda, komabe mtima wanga sukhutira. Munthu amafika bwanji poti anthu akaona chithunzi anene kuti ili ndi dzanja la uje?

Wa ku Matawale:
Mwana wanga, zogulitsazo usazisiye, ndizo zikukudyetsa. Koma ukhale ndi kabuku kena kosagulitsa. Ine ndinkakhala mumsika wa Zomba m'mamawa ndi makala, kujambula amayi ogulitsa matemba a ku Chilwa. Patapita zaka ndinazindikira kuti maso anga amathamangira kumanja awo, mmene amaunjikira nsomba, nkhope ndinkangozilambalala. Ndinayamba kuwakulitsa dala manjawo. Lero anthu amandidziwira pamenepo. Usataye zojambula zakale, uziziyala pansi nthawi zina, uone chimene chikubwerezabwereza.

Wa ku Sadzi:
Achimwene, mlambe mwauona kangati kuno? Jambulani nkhungu ya paphiri mwezi wa June, kapena mitengo ya paini pa damu la Mulunguzi. Kubiriwira kwake muchite kusakaniza nokha.

Wa ku Chirunga:
Ine ndingowonjezera kuti kutengera ena si tchimo poyamba. Mukapeza ya thiransipoti, kafikeni ku Mua, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kacheze nawoni osema a kumeneko, muwafunse mmene anayambira.