Uthenga wa "ndatumiza ndalama molakwika, chonde bwezani": tiuzindikira bwanji kuti ndi wabodza?

Nambewe_Area25

Moni nonse. Loweruka likubwerali ndikalankhula ku gulu la banki mkhonde za akathyali a pafoni. Amayi ambiri m'gululi ali ndi mafoni a mabatani, ndipo ndalama za gulu zimadutsira pa Airtel Money ndi Mpamba. Sindikufuna kukangonena kuti "muzisamala", ndikufuna zogwirika. Uthenga wabodza umasiyana pati ndi weniweni? Munthu akatumizadi molakwika, timubwezere motani osaberedwa? Nanga ndalama zikapita kale, pali chochita?

Ajenti_Mchesi

A Nambewe, yambani ndi mawu awa: uthenga si ndalama. Uthenga aliyense angaulembe. Wakubayo amatenga uthenga weniweni umene analandirapo kale, n'kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako n'kuutumiza kwa inu ngati meseji wamba. Pasanathe mphindi ziwiri akuimba, mawu ali njenjenje: "Mayi, pepani, ndimatumiza ya mankhwala kuchipatala, ndaphonya nambala imodzi." Amafulumira kuimba kuti musapeze mpata woganiza.

Awonetseni amayiwo poyang'ana. Pamwamba pa uthenga weniweni pamakhala dzina la kampani, ndipo umalowa pamodzi ndi mauthenga akale a ndalama. Wabodza umabwera paokha, pamwamba pake pali nambala ya munthu yoyamba ndi 099, 098 kapena 088. Kenako onani balansi yolembedwa kumapeto. Ngati mu akaunti munali K3,200 ndipo akuti mwalandira K45,000, payenera kulembedwa K48,200. Wakubayo sadziwa zimene munali nazo, ndiye amalemba K45,000 ndendende kapena chiwerengero chongopeka.

Koma zizindikiro zimenezi musazidalire kotheratu, chifukwa ena amadziwa kutumiza uthenga wooneka ngati wa kampani. Chimene sichinama n'chimodzi: dulani foniyo, imbani nokha *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone balansi. Ndalama ngati mulibe, nkhani yatha, musayankhenso.

Zikapezeka kuti zalowadi, musazidye, koma musazibwezenso ndi dzanja lanu. Muuzeni mwini wakeyo aimbe 121 kwa Airtel kapena 105 kwa TNM, apereke nambala ya tranzakishoni, kampani ndiyo ibweze. Chifukwa chake n'chakuti ena amatumizadi ndalama, inu n'kubweza pa nambala ina imene akutchulirani, iwo n'kukadandaulanso ku kampani kuti zibwezedwe. Mapeto ake mwalipira kawiri. Nthawi zina ndalamazo zimakhala zobedwa kwa munthu wina, ndipo nambala yanu aigwiritsa ntchito ngati podutsira. Apolisi akayamba kutsata, amafikira kwa inu.

Msungichuma wa gulu amve ichi makamaka, pakuti n'chimene chimagwetsanso maajenti. Munthu amapempha foni yanu kuti "ndilembemo ndekha nambala, musalakwitse". M'masekondi ochepawo amasunga nambala yake m'foni mwanu ndi dzina loti AirtelMoney kapena Mpamba. Akatumiza meseji wamba, pamwamba pamaoneka dzina la kampani, inu n'kuwerenga ndalama n'kumupatsa m'manja. Foni yosungira ndalama za gulu isachoke m'manja mwa msungichuma. Nambala aitchule pakamwa kapena ailembe papepala.

Wokonza_Mafoni_Limbe

Zonse zimene anena a Ajenti n'zoona, koma ndalama zazikulu sizipita ndi meseji ija, zimapita ndi PIN. Amayiwo amvetse ntchito ya PIN: imatsegula khomo loti ndalama zituluke. Polandira ndalama PIN sifunika. Aliyense wonena kuti "lowetsani PIN kuti mulandire mphoto" akukuuzani kuti mumulipire.

Zimayenda chonchi. Amaimba mwaulemu, nadzitchula kuti ndi wa kampani, mwina n'kutchula dzina lanu lonse. Dzinalo lisakudabwitseni: aliyense akayamba kutumiza ndalama ku nambala yanu, dzina limaoneka asanatsimikize, ndiye amangoliwerenga n'kusiya. Kenako akuti nambala yanu itsekedwa lero, kapena mwawina pa promoshoni, ndipo akuyendetseni "pang'onopang'ono". Amakuuzani mabatani amodziamodzi, dinani 1, dinani 2, lembani "kodi" iyi. Kodiyo ndi nambala yawo ya foni kapena ya ajenti, ndipo "kodi yachiwiri" ndi kuchuluka kwa ndalama. Munthu akusindikiza foni ili kukhutu, kubwerera pa sikirini, kukhutunso, sawerenga zimene zalembedwa. Ogwira ntchito ku kampani ya foni kapena ku banki safunsa PIN, ndiponso safunsa nambala yotsimikizira imene imabwera pa meseji mukamachita za kubanki.

Palinso kulanda nambala. Amakufunsani nambala ya chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa, manambala amene mumaimba kawirikawiri ndi mayunitsi amene munagula komaliza. Mafunso amenewa ndi amtundu wa amene munthu amafunsidwa akataya simukhadi, ndiye akakhala ndi mayankho amakayesa kutulutsa simu ina m'dzina lanu. Chizindikiro chake: foni yanu yataya netiweki kwa nthawi yaitali, mwaizimitsa n'kuyatsanso osasintha, pamene anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino. Musadikire mawa. Bwerekani foni muimbire kampani ndi banki yanu, kenako pitani ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso. Akakuuzani kuti "zimitsani foni kwa ola limodzi, tikukonza netiweki", dziwani kuti akufuna musaone mauthenga a zimene zikuchitika.

Akakutchulirani kodi yoyamba ndi *21* kapena **21* musaidine, imeneyo imapatutsa mafoni anu onse kupita ku nambala yawo. Ngati munadina kale, imbani ##002#, imafufuta kupatutsa konse.

Amene ali ndi WhatsApp: kodi ya manambala 6 imene imabwera pa meseji musapatse munthu, ngakhale wopemphayo aoneke kuti ndi mnzanu wa kutchalitchi. Akaunti yake yalandidwa kale, ndipo yanu ikalandidwa ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu. Ndipo PIN iliyonse isakhale 1234, 0000 kapena chaka chobadwa, pakuti chaka chobadwa chili pa chiphaso chimene mumasunga m'chikwama chimodzi ndi foni.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza

Ndionjezere za amene safuna PIN, amangofuna muchite mantha. "Ndine mphunzitsi, mwana wanu wagwa, tili pa njira ya kuchipatala, tumizani ya mafuta." "Ndine dalaivala, katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pa boda ya Mwanza, pakufunika ya kasitomu." Kapena kameseji kachidule: "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, inayo yavuta." Kameneka amakamwaza kwa anthu ambirimbiri kumapeto kwa mwezi, podziwa kuti wina akuyenera kulipira lendi kapena fizi tsiku lomwelo.

Mankhwala ake ndi amodzi: dulani, muimbe nokha pa nambala imene mukuidziwa kale. Mwana ndiye imbirani ahedi kapena kholo linzanu. Katundu ndiye imbirani m'bale amene anatumizayo, ndipo mugwirizane naye kuti nambala ya dalaivala ndi ya galimoto azikupatsani ndiye, katundu asananyamuke. Mukamalankhula ndi woimbayo musamuthandize. Akati "mwana wanu", mufunseni dzina ndi kalasi, osati inu kufuula kuti "Chisomo watani?" Mukatero mwamupatsa dzina, ndipo azilitchula mpaka mutatumiza.

Za Mtukula Pakhomo, za feteleza wotsika mtengo wa boma ndi za ntchito, muwauze mosabisa kuti kulembedwa dzina sikugulidwa pafoni. Wonena kuti tumizani K5,000 "ya fomu" kapena "yotsegulira dzina" ndi wakuba. Ofuna kudziwa afunse kwa alangizi, kwa amfumu kapena ku khonsolo.

Nambewe_Area25

Zikomo kwambiri, ndalemba zonse. Latsala funso lomaliza lija, zikapita kale.

Za_Malamulo_Zomba

A Nambewe, apa chimene chimapulumutsa ndi liwiro. Akathyaliwa amatapa kwa ajenti kapena kusamutsira ku manambala ena m'mphindi zochepa, ndipo kampani ingathe kutseka ndalama zokhazo zimene zikadali mu akaunti yolandirayo. Choncho foni yoyamba ipite ku 121 kapena 105, osati kwa wakubayo, osatinso pa gulu la WhatsApp. Wodandaula akhale ndi nambala ya tranzakishoni, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala imene yalandira, ndipo apemphe nambala ya dandaulo lake n'kuilemba. Ngati PIN inatchulidwa, isinthidwe pomwepo. Ngati akauntiyo ndi yolumikizana ndi banki, monga Mo626 ya National Bank, banki nayo idziwe tsiku lomwelo.

Mameseji asafufutidwe, ngakhale achititse manyazi chotani. Ndiwo umboni. Wa foni ya mabatani akopere papepala mawu onse, nambala ndi nthawi, kenako apite ku polisi akapereke lipoti. Kampani siingaulule kwa inu za mwini nambala, koma apolisi angazipeze potsata njira ya lamulo. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu pa Penal Code, ndipo palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Kampani ikapanda kuthandiza, dandaulo lingapite ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, ndipo nkhani za kayendedwe ka ndalama zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Musawalonjeze amayiwo kuti ndalama zibwera ndithu, nthawi zambiri sizibwera, koma lipoti limathandiza kuti nambalayo itsekedwe.

Achenjerenso ndi foni yachiwiri. Munthu akaberedwa, pamabwera wina wodzitcha wapolisi kapena wa kampani, akuti wakubayo wagwidwa ndipo ndalama zibwezedwa, koma pakufunika "ya mafuta" kapena PIN. Ndi gulu lomwelo, likudziwa kuti munthu wosweka mtima amagwira paliponse.

Chomaliza n'cha ziphaso. Chiyambire kalembera wa masimukhadi mu 2018, nambala iliyonse imamangidwa ku chiphaso cha munthu, ndiye akubawa amasaka ziphaso za anthu ena. Amapatsa munthu kandalama kuti awalembetsere simu, kapena amajambula chiphaso ponamizira kalembera wa thandizo. Nambalayo ikaba, dzina lotuluka ndi la mwini chiphaso, ndipo ndiye woyamba kufunsidwa. Mayi aliyense m'gulumo apite ku shopu ya kampani yake ndi chiphaso, afunse manambala onse olembetsedwa m'dzina lake, ndipo imene sakuidziwa apemphe kuti itsekedwe.