Ng'ombe zatuluka zotupa thupi lonse, kodi ndi nthomba?

Mlimi_wa_Mitundu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ng'ombe ziwiri za mkaka zatuluka zotupa zolimba pakhosi, pamsana ndi pabere, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Sizikudya, maso akutuluka misozi, mkaka watsika. Kodi ndizibaye chiyani? Nanga wokama angatengere?

NaBanda_Ziweto:
Bambo, zizindikirozo ndi za Lumpy Skin Disease, yomwe imabwera ndi kachilombo ka mtundu wa nthomba. Inaoneka koyamba ku Zambia mu 1929. Imafala kwambiri nthawi ya dzinja chifukwa amainyamula ndi udzudzu, ntchentche zoluma ndi nkhupakupa. Yezani kutentha kwa thupi: nthawi zambiri kumapitirira madigiri 40. Gwiraninso kutsogolo kwa phewa, mupeza mwanabere.

Mankhwala opha kachilomboka kulibe. Chomwe timalimbana nacho ndi mabakiteriya olowera pazilonda. Mankhwala opha mabakiteriya a Oxytetracycline wa 20% wokhalitsa m'thupi amabayidwa mumnofu, 1 ml pa makilogalamu 10 aliwonse, ndiye ng'ombe ya makilogalamu 350 ifunika 35 ml, yogawa malo awiri kapena atatu. Mkaka wake musapite nawo kogulitsa mpaka masiku olembedwa pabotolo atatha.

Pomwe ambiri amaluza ng'ombe ndi apa: pakati pa chotupa pamauma, pamathothoka n'kusiya dzenje. Ntchentche zimaikira mazira m'menemo, mphutsi n'kuyamba kudya mnofu. Tsukani mabalawo tsiku lililonse ndi ayodini, popererani mankhwala othamangitsa ntchentche. Ng'ombe yodwala ikhale pamthunzi, madzi ndi msipu wofewa zili pafupi, chifukwa miyendo ikatupa siyenda.

Bambo_Phiri_Likuni:
Ndikugwirizana ndi mayi NaBanda, koma musayambe ndi jakisoni, yambani ndi kuuza alangizi a ziweto a dera lanu. Akhoza kutenga nkhanambo n'kutumiza ku labotale ya ziweto ku Bwemba, ku Lilongwe, kuti atsimikize. Pakadali pano ng'ombe isatuluke kupita kumsika kapena kwa nkhunzi ya mnzanu.

Za katemera, anthu amalakwitsa zinthu zitatu. Kubaya ng'ombe yodwala kale, zomwe sizithandiza. Kubaya khola lonse ndi singano imodzi, komwe ndi kufalitsa matenda ndi manja anu. Ndiponso kusiya botolo padzuwa: katemerayu ndi wamoyo, asungidwe pozizira ndipo akasungunulidwa agwiritsidwe ntchito nthawi yomweyo. Amabayidwa pansi pa khungu kamodzi pachaka, mvula isanayambe, ndipo chitetezo chimakhwima pakatha milungu itatu. Mwana wobadwa kwa mayi wotemeredwa adikire miyezi 6. Mlingo umasiyana malinga ndi kampani, werengani pepala lake.

Chisale_Mkaka:
Funso la wokama lija: Lumpy Skin sigwira anthu. Koma ngati zilonda zili pansonga za mawere pokha, nkhanambo yake yozungulira ngati mphete, ng'ombe ikudya bwinobwino, amenewo ndi matenda ena a nthomba otchedwa pseudocowpox, ndipo amenewa amatulutsa timatuza m'zala za wokama. Valani magolovesi, ng'ombe yodwala muziikama pomaliza, nsonga za mawere muziziviika mu ayodini mukatha kukama. Chimodzimodzi mbuzi za nkhanambo pamilomo, musazigwire ndi manja a zilonda.