Alimi ayamba kukhulupirira foni kuposa mlangizi, tipange bwanji?

Nabanda, Mkanda EPA (dera la ulangizi wa zaulimi):
Akuluakulu, alangizi anzanga, ndithandizeni nzeru, mutu wanditentha. Mwana wa lead farmer (mlimi wotsogolera anzake) wanga anajambula tsamba la chimanga chachikasu chopinimbira n'kutumiza ku ka AI ka pa foni, kapulogalamu koyankha mafunso ngati munthu. Kanamuuza kuti nayitrojeni waperewera, athire Urea. Nkhani yafala kalabu yonse, anthu atatu agulitsa mbuzi n'kukagula Urea kwa mavenda, athira chimanga chitamasula kale. Dzulo ndafika, njinga ndikuchita kukankha m'matope, kungowerama mumzere ndi kaufiti yekhayekha, wina wachita kale maluwa ake ofiira aja. Ndikuwauza akuti "koma foni inati ndi njala ya feteleza." Lachinayi tili ndi field day, tsiku loonetsa alimi za ulimi, pamunda womwewo. Ndiwauze chani osamuyalutsa lead farmer? Kuletsa sindingathe, inenso lipoti la pamwezi kamandikonzera Chingerezi ndi komweko.

Madala Phiri, Chamama:
Mayi, auzeni asiye basi. Buku la unduna lija la Guide to Agricultural Production lilipo, tagwira nalo ntchito zaka zonsezi. Foni sinagwirepo khasu.

Mwale, Santhe:
Achemwali, kunena zoona kanthuko sikananame kwenikweni. Mwakapatsa tsamba limodzi, kayankha za tsamba limodzi. Kaufiti amayamwa kumizu asanatulukire n'komwe pamtunda, ndiye pachithunzi chimanga chimaoneka ngati chanjala. Ndipo amakondadi nthaka yoguga. Cholakwika n'choti sikanafunse kuti chimangacho chili ndi masabata angati, m'mizere muli chiyani, chaka chatha munali mbewu yanji. Ife Urea timati masiku 21 chimanga chitamera. Wothira chitamasula ndalama yapita ndi mvula.

Madala Phiri, Chamama:
Ndi zomwe ndikunenazo a Mwale. Sikafunsa chifukwa sikadziwa munda.

Nazimbiri, Lisasadzi:
Yanu ndi yaing'ono mayi. Kwanga chaka chatha bambo wina anafunsa mankhwala opha udzu m'chimanga, kanamutchulira atrazine. Iye osanena kuti m'chimangamo anasakaniza nyemba ndi maungu. Atapopera, masamba otambalala onse psiti. Mayi a kunyumba kwake anabwera ku ofesi akulira ndiwo, ngati ndine ndinapopera. Komanso chenjerani ndi miyezo. Kamapereka mlingo wa pa hekitala, mlimi wathu amawerenga maekala, pamene hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Akangotenga nambalayo n'kuthira mu sprayer ya malita 16 pa ekala imodzi, wawotcha mbewu. Ine ndimawauza kuti pa mankhwala mlingo ndi wa palebulo ya botolo, osati wa pa foni.

Kamanga, Mlonyeni:
Kkkk ine kanandiuza kuti chimanga tibzale mu Epulo. Kenako ndinazindikira kuti kakunena za ku America. Koma nditakauza kuti ndili ku Mchinji, mvula imayamba Novembala kapena Disembala, mizere 75 cm, phando 25 cm mbewu imodzi monga mwa kabzalidwe ka Sasakawa, kanawerengera bwinobwino mbewu yofunika pa demo, munda wachionetsero. Ntchito ya calculator kamaitha. Paja kulinso AI ina yotchedwa Ulangizi ya pa WhatsApp, a Opportunity International anayiyambitsa mu 2024, imayankha m'Chichewa ndipo amati imatenga mayankho m'buku la unduna lomwelo. Madala, bukutu lalowa m'foni.

Madala Phiri, Chamama:
Likhale m'foni likhale m'thumba, wowerenga akhale mlangizi. Mu 2017 ntchemberezandonda zitavuta mpaka boma kulengeza za ngozi, tinkayenda m'minda m'mamawa kusuzumira m'nsonga za chimanga, kuona ndowe zake ndi maso. Ena ankathira mchenga, ena msuzi wa usipa kuitana nyerere, ife n'kumaona chomwe chikugwira. Foni ikanatiuza zimenezo?

Mwale, Santhe:
Madala nthawi yanu section, dera la mlangizi mmodzi, inali ndi mabanja angati? Ine ndagwirizira ma section awiri, mafuta a njinga kulibe. Mlimi wa kumalire ndimamuona kamodzi pa mwezi mwina osamuona. Chimanga chikamafiira adikire ine? Afunsa foni basi, tifune tisafune.

Bwana AEDC (mkulu wa alangizi pa EPA), Kasungu:
Ndalowa mochedwa. Za kaufiti a Mwale anena. Ine changa ndi china ndipo ndikuchinena mwamphamvu. Ndamva kuti ena mukumatenga mndandanda wa alimi, mayina, manambala a chiphaso cha unzika ndi a foni, n'kuponya ku AI kuti ikusanjireni tebulo. Lekani. Simukudziwa komwe zimakasungidwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ake ndi a MACRA. Tikuvutika kale ndi akuba oimbira alimi kuti atumize ndalama dzina lilowe pa feteleza wotsika mtengo. Pano akutha ngakhale kupanga mawu onamizira munthu. Tsiku lina mlimi adzalandira voice note ya mawu anga ndikupempha ndalama. Za malipoti, Chingerezi kakonzeni, koma manambala a mahekitala ndi zokolola lembani nokha. Lipoti lina linandipeza lili ndi mbewu ya barley, section yake yolima fodya ndi soya.

Kamanga, Mlonyeni:
Barley ameneyo si ine bwana kkkk.

Nabanda, Mkanda EPA:
Zikomo bwana, zamveka. Koma funso langa la Lachinayi lija? Ndikuganiza zozula phata limodzi pamaso pawo aone okha mmene kaufiti wamatirira kumizu, kenako tijambule phata lonselo titumize ku foni yomweyo tione ngati isinthe mawu. Ndiyeno ndiwauze azule asanabereke njere, akawotche kunja kwa munda, chaka chamawa mulowe soya kapena mtedza ndi manyowa. Koma ikakakamirabe pa Urea anthu ali pompo ndiye ndayaluka ndine.

Nazimbiri, Lisasadzi:
Yesani kaye nokha kunyumba madzulo ano. Ndipo network pamundapo ilipo?

Madala Phiri, Chamama:
Zulani phatalo muwaonetse. Foniyo isiyeni m'chikwama.

Mwale, Santhe:
Tili pomwepa, alipo amene walandira mafomu a crop estimates (oyerekezera zokolola) a round yachiwiri? Kuno sanafike.