Payi ya nyama ya Lamulungu, yopanda tirigu

Azakhali: Mwaswera bwanji nonse? Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tonse kwa amayi anu. Tilipo anthu 14. Make mwana, tafotokozani bwinobwino za mdzukulu wathuyu, tingamudwalitse.

Achemwali: Zikomo azakhali. Madokotala ku Leeds, ku England, anamupeza ndi matenda a coeliac. Mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa rye muli puloteni yotchedwa gluten, ndiye akadya, thupi lake limawononga matumbo ake omwe. Ngakhale kanyenyeswa ka buledi, m'mimba mumamupotokola masiku awiri. Pempho langa ndi limodzi: asadye zakezake pambali. Paukwati uja anakhala ndi nthochi m'manja anzake akudya samusa, usiku analira.

Amayi: Mdzukulu wanga adya m'mbale imodzi ndi ife. Nsima amadya?

Achemwali: Amadya amayi. Chimanga, mpunga, chinangwa, mapira, mawere, zonsezi zilibe vuto.

Ine: Ndiye ndiphika payi ya nyama yaikulu, tonse tidye yomweyo. Mtanda wake: makapu awiri a ufa wa mpunga, kapu imodzi ya ufa wa chinangwa, majarini, dzira, ndi mbatatesi ziwiri zophika n'kupota. Popanda gluten mtanda sutanuka, ukaupsinja ndi botolo umangong'ambika. Ndimangoumata m'thireyi ndi zala, ngati tikuzira nyumba.

Alamu: Nyama ndi yanga, makilo awiri ya ng'ombe yogaya. Ndionjezere masoseji?

Achemwali: Ayi alamu, pepani. Masoseji ambiri amathiramo zinyenyeswa za buledi. Timapaketi tokometsera ndiwo natonso tina timakhala ndi ufa wa tirigu, soya sosi chimodzimodzi. Muziwerenga kuseri kwa paketi.

Azakhali: Zam'paketizo zisiyeni. Ndibwera ndi adyo, jinja, chikasu ndi anyezi, tisinja tokha mu kamtondo. Anyezi akazingidwe mpaka afiire, kenako nyama, tomato pambuyo. Msuzi uphwere ndithu, ukachuluka pansi pa payi pamanyowa.

Amalume: Kambuzi musaiwale!

Azakhali: Achimwene, pali ana. Kambuzi wanu akhala m'kambale pambali.

Ine: Msuzi ndikoleretsa ndi supuni ya ufa wa chinangwa. Payiyo mu uvuni pa madigiri 180, mphindi 40. Magetsi akathima tiyika pambaula, makala ochepa pansi, ena pachivundikiro, monga amayi amaphikira chigumu.

Achemwali: Chinanso ndi ziwiya. Sefa ndi mthiko zimene amayi amapangira mandasi zimasunga ufa m'ming'alu.

Amayi: Mthiko watsopano ulipo, sunalowepo mumphika. Sefa ndigula mawa kumsika. Mandasi sabata ino sindikazinga, khitchini ikhale yoyera. Mpunga wa Kilombero ndili nawo, ndiuviika Lachisanu, ndisinja mumtondo ndekha.

Ine: Amayi, msana wanu uja. Ndibwera Loweruka m'mawa ndidzasinje ine, inu muzidzasefa.

Amalume: Ine ndibweretsa kabichi, mapeyala ndi zakumwa. Thobwa amamwa?

Achemwali: La chimanga ndi chimera cha mawere amamwa, amalikonda kwambiri. Ndamuwerengera mauthengawa, akufunsa ngati angathandize kumata mtanda.

Amayi: Muuze abwere Loweruka ndi azakhali ake aang'ono. Kachitenje kake komanga m'chiuno ndamusungira.